Mbewu za Eni M'masaya mwa Bwampini

Padangokhala, kale lija nyama zinkagwira makasu ndi kuweruzana milandu pabwalo, mudzi wina umene sunkasunga mbewu m'nyumba. Muli nane? Tiyeni tsono.

Akakolola, chakudya chinkapita ku nkhokwe, koma mbewu yodzadzala chaka chamawa inkapita ku mlambe. Mlambewo unali ndi mphako zambirimbiri, banja lililonse yakeyake. Mwini mphako akafika n'kugogoda, mtengowo unkazindikira dzanja lake n'kumutsegulira mwakachetechete. Koma ukagogoda pa mphako ya mnzako, ungagogode mpaka zikhadabo kuthothoka, khungwa linkangoti gwa.

Mmodzi yekha ndi amene mlambe unkamutsegulira paliponse, msungi wake, Mayi Ngaka. Dzuwa likatentha, iwo ndiwo ankatulutsa mbewu za onse, kuziyanika, kupirikitsa anankafumbwe, n'kuzibwezera m'malo mwake. Pofuna kutsegula mphako ya wina, ankayimba nyimbo ya usungi, yotamanda mtengowo ngati mayi wa matumba ambiri amene sasokoneza ana ake. Akatero ankalowetsa mutu m'kabowo ka patsinde, kamene onse ankakatcha khutu la mlambe, n'kutchula dzina lawo ndi chimene akufuna. Mlambe unkachita chimenecho, kenako n'kubwezera nyimboyo ndi mawu aakulu ngati ng'oma, kuuza mudzi wonse kuti uje watsegula mphako ya uje. Pa usungi panalibe zam'seri.

M'mudzi momwemo munali Bwampini. Ndinene kuti anali wakuba? Mwini wake ankakana dzina limenelo, ankati iye amangosamutsa zinthu zimene eni ake aziika posayenera. Masaya ake anali ngati matumba awiri, ndipo akadutsa pakhomo pako akumwetulira osatsegula pakamwa, unkayenera kukaona nkhokwe. Palibe amene ankamuitana ndi ulemu, ngakhale tiana ta dzulodzuloli tinkangoti "iwe". Chinthu chimodzi chokha chimene anali nacho chosaba unali mtedza wa m'mphako yake, pakuti mlambe sunkalandira zakuba. Umenewo anaulima yekha, akudandaula phando lililonse, ndipo ankaunyadira koposa.

Chaka china Mayi Ngaka anaima, ndipo masiku awo anayandikira nthawi yomweyo yoyanika mbewu. Anayenera kupita kwawo kutali, kwa amayi awo, kukachirira kumeneko. Bwalo linasonkhana kuti limve wogwirizira usungi. Mfumu Njati inali pampando, ikubzikula, diso limodzi lili mtulo monga mwa masiku onse. Nduna yake, Nyani, inali itapesa kale ndevu ndi kukonza kukhosi, pakuti inkadziwa kuti dzina lotuluka pamenepo ndi lake basi.

"Ndisiyira a Bwampini," anatero Mayi Ngaka.

Bwampini, amene anakhala kumbuyo kwenikweni akupenda dengu la Nkhanga, anatembenuka kuti aone a Bwampini enawo. Panalibe.

Bwalo linaphulika. Nyani anaimirira. "Mayi, pathupipa pakusokonezani mutu. Mukusungitsa mbuzi kwa fisi ife tikuona?"

"Ndamva, a nduna."

"Mwamva, nanga ikasowa mbewu tidzadzala chiyani? Mamba anuwo?"

"Ikadzasowa njere ngakhale imodzi ya munthu," anayankha Mayi Ngaka mosakweza mawu, "mudzandilande usungi, mudzandichotse m'mudzi muno, ine ndi mwana ali m'mimbayu."

Nyani anamwetulira, pakuti mawu amenewo anamukomera kuposa uchi. Anagwedeza mfumu. "Mwamva, mfumu? Adzimanga okha." Njati inatsegula diso linalo, inati yamva, n'kulitsekanso. Nkhani inathera pomwepo.

Ali pa njira yopita ku mlambe, Bwampini anapirira, anapirira, kenako zinamukanika. "Amayi, ndikufunseni. Mwasowa anthu?"

"Anthu alipo. Koma Nyani sangakwane m'mphako, ndipo Mbira alibe ponyamulira. Inu muli ndi thupi lolowa paliponse ndi masaya onyamula."

"Masaya omwewa ndiwo anandiipitsira mbiri."

"Ndikudziwa. Koma ndakhala pabwalo zaka zambiri, a Bwampini. Ena akagwidwa amaloza mnzawo. Inu mukagwidwa mumanama za njala, za matenda, za maloto, koma simunatchulepo dzina la wina. Mlambe umafuna munthu wotchula dzina lake lomwe."



Atafika, Mayi Ngaka anayimba nyimbo ija, n'kulowetsa mutu m'khutu la mtengo, n'kuupempha kuti uzimvera Bwampini monga umawamvera iwo. Mlambe unavomera ndi mawu ake aakulu, ndipo mudzi wonse unamva dzina la Bwampini likuyimbidwa popanda mawu akuti "wakuba" pambuyo pake.

"Tsono mvetsani," anatero Mayi Ngaka. "Sindinakubwerekeni dzina langa. Chilichonse mudzachita, mudzachita m'dzina lanu. Mphako yanu muzigogoda monga kale, nyimboyi ndi ya pa mphako za eni pokha. Ndipo muziganiza musanalankhule m'khutumo, chifukwa mlambe sufunsa kawiri."

"Nanga ntchitoyi ikandilemera, ndingaitule?"

"Ndaimangirira pa dzina lanu, womasula ndine ndekha. Ine kulibe, njira ndi imodzi, kuuza mlambe kuti ukuiwaleni. Koma ukaiwala munthu umaiwala ndi mphako yake yomwe. Khungwa limamerapo, ndipo ngakhale ine sindingaitsegulenso."

Bwampini anaseka mpaka ndevu kunjenjemera. "Mtedza wanga uja? Amene angachite zimenezo ndi wamisala."

Mayi Ngaka ananyamuka ulendo wawo, ndipo Bwampini anayamba ntchito. Abale anga, musamuyese wopepuka mlandu umenewu. Inu munayamba mwasungapo chakudya cha mwini m'kamwa mwanu, njala ikukupotokolani, osameza? Bwampini ankayimba, kutchula dzina, mlambe n'kulengeza, iye n'kulowa. Ankatuluka masaya ali tu ndi nzama za Nungu, n'kukazilavulira pamphasa. Ankabwerera, n'kutuluka ndi mawere a Njiwa. Tsiku la mtedza wa Mbira, umene unali wonona kuposa wina uliwonse m'dzikomo, malovu ankachita kudontha, mmero ukudzitsegukira wokha. Kanjere kamodzi kanatsetserekera kukhosi, iye anatsokomola, anadzimenya pachifuwa, mpaka kanatuluka. Anakapukuta bwinobwino n'kukaika pa anzake.

"Si kako," anadziuza yekha. "Kameneka ndi nyumba ya Mayi Ngaka ndi mwana wawo."

Eni mbewu ankabwera kudzaima chapatali, manja m'chiuno, maso ali pa mmero wake. Iye ankawapatsa moni, n'kuyasamula kukamwa kuti aone kuti mulibe kanthu. Ena ankaseka, ena ankachoka akung'ung'udza, poti munthu ukabwera kudzagwira wakuba n'kumupeza akugwira ntchito umabwerera ngati wakumanidwa.

Woyamba kudzamuyesa anali Nkhandwe, mthenga wa pabwalo. Anabwera akugwedeza mchira, mawu ali ngati othira mafuta.

"Achimwene, mwaonda ndi ntchito. Mutu umodzi susenza denga. Ndiphunzitseni kanyimboko, ndizikuthandizani mukatopa."

Bwampini anaona mano a Nkhandwe, n'kuona kuti kukana kungamutayitse khutu. "Achimwene, mwandichotsa minga. Ine mawu anga ndi osasa, mlambe umangondipirira. Koma inu! Tayesani ndimve."

Nkhandwe anayesa.

"Ha! Mawu ngati amenewa mwakhala mukuwawonongera pa kuitana anthu kubwalo? Kwezani pang'ono, mtengowu ndi wokalamba, sumva zonong'ona."

Anamuphunzitsa nyimbo yonse, osabisa liwu ndi limodzi lomwe, poti nyimboyo sinali chinsinsi, ana ankaiyimba posewera. Anamuuzanso kuti nthawi yabwino ndi masana dzuwa lili paliwombo, pamene iye amakapuma. Chimene sanamuuze n'chakuti nthawi imeneyo amayi a m'mudzi amasinja kuseri kwa mtengo womwewo.

Masana atakwana, Nkhandwe anazemba n'kufika. Anayimba mokweza, akudzimvera yekha kukoma. Analowetsa mphuno m'khutu la mlambe, anafinya mawu kuti achepe, n'kunena kuti iye ndi Bwampini, akufuna mphako ya Mbira. Khutu lija linangoti psiti, kumugwira mlomo. Ndipo mlambe unabweza nyimbo, koma osati yotsegula. Unayimba kuti pabwera wina amene sali pa usungi, wavala dzina la mwini, ndipo dzina lake lenileni ndi Nkhandwe. Unabwereza, n'kubwerezanso, mpaka amayi aja anafika ndi misi yawo.

Zimene zinachitika pamenepo sindinena, ana angalote. Nkhandwe atamasuka, akutsimphina, anakumana ndi Bwampini akuchokera kopuma.

"Wandipereka, iwe!"

"Ine? Nyimbo ndinakupatsani yonse, achimwene. Dzina lokha ndilo sindikanatha kukubwerekani, ndili nalo limodzi lomweli."

Wachiwiri anali wovuta kuposa Nkhandwe, chifukwa analibe mano oopsa, anali ndi chibale. Anali a Khoswe, atsibweni ake a Bwampini, amene anamulera amayi ake atamwalira. Anafika mmawa anthu atapita kumunda, thumba lopanda kanthu lili paphewa.

"Mwana wa mlongo wanga, wakwera. Ndamva dzina lako likuyimbidwa, misozi inagwa."

"Zikomo, atsibweni."

"Zikomo sadya. Kwathu kwagwa njala, azakhali ako akungogona. Tsegula ya Mbira ija, unditapireko pang'ono."

"Atsibweni, ndi za eni."

"Za eni! Tamverani mwana uyu. Anakuphunzitsa ndani kuboola nkhokwe osagwedeza udzu? Unkagona pamsana pa yani? Lero wapeza mtengo wodzaza, ndiye ukundiwerengera malamulo? Chibale ndi fupa, iwe, sichiwola."

Bwampini zinamuwawa, chifukwa zonse ananenazo zinali zoona. Paja khoswe akakhala pamkhate sapheka. Kuwakaniza kunali kutukwana dzanja limene linamudyetsa, koma kuwatsegulira kunali kuthamangitsa mayi wapakati amene anamutcha "a Bwampini" pamaso pa bwalo. Anakanda kumutu, kenako anayang'ana uku ndi uku ngati munthu amene wagonja.

"Chabwino. Koma mlambe ukayimba tagwidwa tonse. Ndiugoneka kaye. Inu mangani nsanzayi kumaso, kuti akadzakufunsani mudzalumbire kuti simunaone kanthu."

"Tsopano ukulankhula ngati mwana wa kwathu!"

Anawamanga kumaso, anawazungulitsa mtengo uku akung'ung'uza kanyimbo kongopeka, anawazungulitsanso mpaka a Khoswe anayamba kudzandira. Kenako anawaimika pa mphako yake ya iye mwini, n'kugogoda pang'onopang'ono. Mphako inatseguka mwakachetechete, monga inkachitira masiku onse kwa mwini wake. Bwampini anatapa mtedza wake, wolima yekha uja, n'kuthira m'thumba. Dzanja lililonse limene ankatapa ankamva ngati akudzizula nthiti.

"Wonjezera, mwana iwe, Mbira ndi wolemera."

Anawonjezera, mpaka mphako inafika pakati.

A Khoswe anaponya njere m'kamwa, nsanza ikadali kumaso, n'kutafuna mokoma. "Ee! Za eni n'zonona! Uwu ndiye mtedza, osati timtedza tako towawa tija."

"Indedi, atsibweni," anatero Bwampini. "Koma chonde, pakamwa."

"Ine? Ndine manda."

Mandawo anatseguka tsiku lomwelo pa mowa. Chipanda chachiwiri chisanathe, a Khoswe anali akudziguguda pachifuwa kuti mwana wa mlongo wawo amadziwa kugoneka mlambe, amatsegula mphako mtengo osatsokomola n'komwe. Ambiri anangoti ndi mowa ukulankhula. Koma Nyani anali pomwepo, ndipo anaika chipanda chake pansi osachimaliza.

Anadikira tsiku la dima, pamene mudzi wonse unapita kukalima kumunda wa mfumu, kutali ndithu. Bwampini anali atangobwezera mbewu zomaliza, za Nkhanga, akusesa pansi pa mtengo, mtima uli mbee kuti ntchito yatha bwino. Atadzutsa mutu anapeza wazunguliridwa. Nyani anali kutsogolo, abale ake kumbuyo, aliyense ndi dengu.

"Moni, a nduna. Kudima simunapite?"

 Nyani anamugwira mchira n'kumunyamula, mutu kuloza pansi. "Goneka mtengo, utsegule zonse."

"Bwana, zimenezo ndi nkhani za pa mowa. Mlambe sugona."

"Atsibweni ako ali ndi thumba la mtedza, ndipo palibe anamva nyimbo. Usandiyese mwana."

"Unali mtedza wanga, bwana."

Anyani onse anaseka mpaka kugwira nthiti. Bwampini kupatsa munthu chake? Taonani tsoka la wabodza, tsiku limene wanena zoona ndi limene amamuseka kwambiri.

"Tamvera," anatero Nyani. "Mbewu zikasowa, mlandu ndi wa mayi wako wa mamba uja, anadzimanga yekha pabwalo. Iye achoka, usungi ubwera kwa ine, iwe ndikupatsa dengu lako uthawe nalo. Ukakana ndikupotokola khosi, ndipo mtengowu ndiugwetsa ndi moto. Sankha."

Ali chizondokere choncho, Bwampini anaganiza msanga. Akatsegula, mlambe uyimba ndithu, koma kumunda n'kutali, ndipo anyani ndi aliwiro. Anthu pofika adzapeza mphako zili pululu. Akakana, afa, ndipo Nyani ayatsa moto. Nzeru zake zonse, zimene zinamutulutsa m'nkhokwe zambirimbiri, zinazungulira n'kubwerera pa khomo limodzi lokha, lija anati ndi la wamisala.

"Mwandigwira, bwana," anatero mofooka. "Koma kugoneka mtengo wonse si masewera. Kwa atsibweni inali mphako imodzi. Apa ndiyenera kulowa m'khutumo mpaka m'chiuno, ndikaunong'oneze pafupi."

"Kuti uthawire momwemo?"

"Mchira muli nawo inu, ndithawa bwanji? Koma madengu ayandikize, aime pa mphako iliyonse. Zikatseguka zimakhuthuka mwamsanga."

Nyani anaona kuti ndi nzeru. Abale ake anamwazikana kuzungulira mtengo, ena kukwera m'nthambi, madengu ali chire kudikira. Iye anakulunga mchira wa Bwampini kudzanja n'kumutsitsa pansi.

Bwampini anayimba nyimbo ya usungi. Anali ataiyimba kambirimbiri nyengo imeneyo, koma tsiku limeneli pofika paja imati mayi sasokoneza ana ake, anachita kubwereza. Analowa m'khutu mpaka m'chiuno. Mumdimamo anakumbukira mtedza wake wotsala, wofiira, wosankhidwa umodziumodzi, ndipo anaumvera chisoni kwambiri, tisaname. Kenako anakumbukira Mayi Ngaka akuyenda pang'onopang'ono ndi mimba yawo, osacheuka ngakhale kamodzi kuti aone ngati iye wayamba kale kuba.

"Ndine Bwampini," ananong'ona. "Ndiiwale."

Mlambe sufunsa kawiri. Unagwedezeka kuchokera kumizu, anyani a m'nthambi n'kugwa ngati zipatso. Kenako unayimba, mokweza kuposa kale lonse, nyimbo yolemera ngati ya pamaliro. Unauza dziko lonse kuti Bwampini, wogwirizira usungi, wapempha kuiwalika, kuti kuyambira tsopano sukumudziwa, ndipo palibenso wina pansi pano amene angatsegule mphako ya mnzake kufikira msungi atabwera. Kumunda kuja makasu anaima m'mwamba.

Nyani anakuwa ndi ukali n'kukoka mchira. Koma Bwampini anali atakoka mpweya n'kufufumitsa masaya ake onse awiri, mutu n'kuthina m'bowomo ngati chitsekero cha chipanda. Nyani anakoka, Bwampini anafufuma. Nyani anaponda mtengo ndi miyendo yonse, n'kukoka ndi mphamvu zake zonse. Chinangomveka ndi pyolu! Khungu la kunsonga kwa mchira linasenduka, Nyani n'kugwa chagada. N'chifukwa chake mpaka lero mukaona bwampini, theka la mchira wake ndi loyera.

Anthu anafika ndi makasu m'manja, n'kupeza nduna ili gada, chikopa cha mchira m'dzanja, abale ake atazungulira mtengo ndi madengu. Panalibe chofunsa, madenguwo ananena okha mlandu wonse. Tsiku limenelo mfumu Njati inatsegula maso onse awiri nthawi imodzi, ndipo amene anaona amati sadzafunanso kuonanso. Nyani analandidwa unduna, iye ndi mtundu wake n'kuthawira kumapiri.

Phokoso litatha, Bwampini anatuluka, anamanga mchira wake ndi luzi, n'kupita pa mphako yake. Anagogoda. Anagogodanso. Pamene panali khomo panali khungwa losalala, ngati sipanakhalepo kanthu chiyambire. Anakhala pansi pomwepo.

Mitambo itayamba kusonkhana, Mayi Ngaka anabwera, kamwana katakakamira pamchira pawo. Nkhani anaimvera m'njira, poti aliyense wokumana naye ankafuna kukhala woyamba kuwauza. Sanapite kunyumba. Analunjika ku mlambe, n'kuitanitsa mudzi wonse kuti aliyense atsegule mphako yake bwalo likuona.

Nungu anatsegula, nzama zili momwemo, zouma bwino. Njiwa anatsegula, mawere ali tho. Mbira anakhuthula mtedza wake wonse pamphasa, anaupenda, anaununkhiza, anaupendanso, pofuna kupeza pomwe a Khoswe anatapa. Pomaliza anadzutsa mutu mwamanyazi.

"Wanga ndi wokwana. Ndiponso chaka chino mulibe nankafumbwe."

"Nanga uja ndinadya ine unali wa yani?" anafunsa a Khoswe, asanaganize. Onse anawatembenukira. Iwo anayang'ana mwana wa mlongo wawoyo, anayang'ana khungwa losalala lija, nkhope n'kugwa. "N'chifukwa chake mtedzawo unkandikwakwata pakhosi," anatero motsitsa, ndipo anapita kukatenga kotsala m'thumba muja, kochepa ndithu, n'kudzakaika pamapazi pa Bwampini.

Bwampini anagwada pamaso pa Mayi Ngaka. "Amayi, udindo munandisiyira uja ndinautaya. Ndinasowa njira ina."

"Dzukani, a Bwampini. Ogwada pano ndine."

Ndipo anagwadadi, mayi wa chikuta, mudzi wonse ukuona, n'kuwomba m'manja mwaulemu. "Ndinapita ndi nyumba, ndabwera ndapeza nyumba. Mwana uyu akanakulira m'tchire. Zikomo, bambo."

Atadzuka anayimba nyimbo ya usungi, n'kuuza mlambe kuti pali mlendo wofuna mphako, dzina lake Bwampini. Mtengo unang'amba khomo latsopano, lopanda kanthu m'kati. Mbira ndiye anayamba, anatapa mtedza wake wonona uja manja awiri n'kuthiramo. Anabwera Nungu, anabwera Njiwa, anabwera Nkhanga, aliyense ndi kake, mpaka mphako inakana. Bwampini ankangoti zikomo, zikomo. Moyo wake wonse zinthu za eni zinkalowa kwake usiku ndi mtima uli phaphapha. Sankadziwa kuti zingabwere zokha masana, eni ake atazinyamula.

Ankaganiza kuti zatha, koma Mayi Ngaka anamasula kamwana kaja pamchira n'kumuika m'manja mwake. Mamba ake anali asanaume, ofewa ngati masamba anthete.

"Kwathu amafuna kumutcha dzina, ndinawakaniza," anatero. "Ndinati womutcha ali kumudzi. Mutcheni."

"Ine, amayi? Mwana amatchedwa ndi munthu wa mbiri yabwino, kuti atengere."

"N'chifukwa chake ndakupatsani."

Bwampini anayang'ana kamwanako, kamwanako n'kumugwira ndevu.  Misozi inatsika m'masaya aja mpaka kudonthera pamutu pa mwana, ndipo sanaipukute, poti manja onse awiri anali ndi katundu wa eni.

"Mwandidalira," anatero pomaliza. "Dzina lake ndi Mwandidalira."

Nthungululu zinamveka mpaka kumapiri kumene kunali Nyani.

Nthano yanga yatsamira pamenepa. Amene munakwirira mbatata paphulusa, kaiphuleni isanasanduke khala.